Injini Yozungulira Chafutambuyo

Ine ntchito yanga ndi yosoka, sindine wapolisi. Koma ukakhala khoma limodzi ndi galaja ya a Injiniya zaka zonsezi, makutu amakula okha, ndipo anthu a mumsewu mwathu chikawasowa chinthu amayamba kufika pa makina anga asanaganize za kupolisi.

A Injiniyawo si injiniya wa kusukulu ayi. Ndi makanika wokalamba. Dzinalo tinawapatsa powaseka, iwo n'kulilandira ndi manja awiri. Moyo wawo wonse akhala akudana ndi chinthu chimodzi, kilankishafiti. Amati chitsulo chokhotakhotacho n'chimene chimadya mphamvu ya injini, ndiye anapanga injini yawoyawo yopanda chitsulocho. Pakati anaikapo mbale yachitsulo yochindikala, imene amakanika amati kamu, m'mphepete mwake muli zitunda. Mapisitoni anayi anaizungulira, iliyonse ili ndi kagudumu kuphazi. Pisitoni ikakankha, kagudumuko kamatsetsereka pachitunda, mbale n'kuzungulira. Nzeru yonse inali pa zitundapo: mbali imodzi chitunda chimakwera pang'onopang'ono, mbali inayo n'chaphompho. Zimenezi anandifotokozera kambirimbiri, ngakhale pamene ndinkangofuna kubwereka sipanala.

Amene anasema zitundazo ndi tupa mpaka zikhatho kutuluka matuza ndi mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Nesi. Ife timamutcha Chete, chifukwa ngakhale ukamupatsa moni amayamba waganiza kaye.

Mawa lake kunkabwera aphunzitsi a kusukulu ya ntchito zamanja kudzaona injiniyo, choncho m'mawa umenewo a Injiniya anaitana msewu wonse kuti tiyambe ndife kuona. Injini inali yopentedwa bwino, mbee kuwala, ndipo pagudumu lake lalikulu panali muvi wofiira wosonyeza kumene liyenera kuzungulira. Wometa wa kutsidya kwa msewu anabwera ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi. Wamageti, mng'ono wawo wa a Injiniya amene amawotcherera mageti kumapeto kwa msewu, anaima kumbuyo atavala malaya oyera amene ndinamusokera ine.

A Injiniya anakulunga chingwe, n'kukoka. Injini inatsokomola, inabweza chingwecho mpaka mkuluyo anakhala pansi, kenako inalira. Koma abale inu, gudumu linkathamangira uko, muvi ukuloza kuno! Chikupizira chomwe chimayenera kuziziritsa injini chinayamba kutilavulira fumbi kumaso, m'kati mukumveka kho! kho! kho! Kasitomala wa Wometa anathawa ndi nsalu m'khosi. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Chete anatseka mafuta. Awiriwo anamasula chivindikiro osayankhulana, n'kutulutsa mbale ija. A Injiniya anaipititsa tupa kamodzi, tupa n'kuluma.

"Yanga ndinaiphika pamoto, tupa amangoterereka," anatero. Kuseka kunatithera pomwepo. "Iyi si yanga. Wina wandibera."

Anatembenukira mkamwini wawo.

"Kiyi tili naye ndine ndi iwe. Ndipo ndinakuona ukunong'onezana ndi munthu wa kukampani ya mapampu uja. Wagulitsa thukuta langa, wakuba iwe! Dzuwa likalowa mbale yanga isanabwere, ndikuitanira apolisi. M'galaja muno usadzapondemonso."

Chete ananyamula bokosi la zida zake, anatuluka, n'kudzakhala pakhonde panga.

* * *

Nesi anafika akuthamanga, yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi.

"Azakhali, ndithandizeni. Uku bambo anga, uku mwamuna wanga, ine ndilowere kuti? Akamangidwa uyu, ine kunyumba kwa bambo sindidzapitakonso."

Anandimvetsa chisoni kwabasi. Mwanayu diresi lake loyamba ndinasoka ndine. Ndinazimitsa makina, n'kutulukira pakhonde.

"Iwe Chete, lero usandichedwetse. Munthu wa mapampu ankafuna chiyani?"

Anaganiza.

"Kundilemba ntchito."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinakana."

"Nanga bwanji sunawauze apongozi ako?"

"Sanandifunse."

Asa! Ndinafuna kumugenda ndi sizasi.

"Mbale yeniyeni unaiona liti komaliza?"

"Tikutseka injini kuti tipente. Mawa lake bambo anapita kuchipatala cha maso. Ndinatsala ndekha."

"Sunachokepo?"

"Masana. Utoto wofiira unatha. Ndinatseka, ndinapita kutauni."

"Ndiye wina analowa masanawo."

"Loko sanathyoledwe," anatero Chete, ngati akuthandiza omuimba mlandu.

* * *

Wometa samafunika kufunsidwa. Ukangolowa, nkhani imakhala yayamba kale.

"Mayi Telala, ndimadziwa kuti mubwera! Ine pagalasi langali ndimaona msewu wonse, ngakhale ndapereka nkhongo. Tsiku la maso lija, a Injiniya ali kuchipatala? Ndikukumbukira ngati dzulo. Ndinkameta mkulu uja wa dazi, amene amafuna ndimete pomwe palibe kanthu..."

"Zadazi zisiyeni. Chete atachoka, analowa ndani?"

"Ndikufika pomwepo. Chitseko chaching'ono cha galaja chinatseguka. Sindinama, ndinaona msana wa munthu. Wamtali. Kapena wamfupi koma woongoka. Anakhalamo nthawi yoti ine ndinameta mitu itatu ndi ndevu za kopolo wopuma pantchito uja, ndipo ndevu zimenezo, mayi, ndi munda."

"Anatuluka ndi chiyani?"

"Thumba la simenti, koma mosakhala simenti. Limalemera mbali imodzi."

"Nkhope?"

"Apo ndiye kopolo anayetsemula, ine n'kumucheka khutu. Nditadzutsa maso, msewu uli mbee."

"Wamageti anali kuti tsiku limenelo?"

"Ameneyo muchotseni. Anali kumtunda, akumangirira geti kunyumba ya dokotala, tsiku lonse. Anandiuza yekha madzulo ake, ndisanamufunse n'komwe."

Ndinalowa kuseri kwa galaja kumene kuli nyumba ya a Injiniya. Akazi awo ankayanika zovala, akuyankhula ndi zopanira pakamwa. Iwowa ndi mayi odekha, amene anasiya kale kudabwa ndi za amuna awo.

"Amayi, kiyi wachitatu alipo?"

"Alipo, ali m'kapu pamwamba pa kabati. Abambo akewa anaiwala kale kuti alipo."

"Pali mlendo amene anamutenga tsiku la maso lija?"

"Mlendo? Ayi ndithu. Ine sindipatsa kiyi anthu."

"Mukunenetsa?"

"Mayi Telala, chitsulo chimenecho chandilanda mwamuna zaka ndi zaka. Chikanakhala choti n'kuba, ndikanaba ndine, kalekale, n'kukachiponya m'chimbudzi. Koma mkamwini wangayo ndi mwana wabwino. Ameneyo akatola msomali panjira amafunsa mwini wake."

Ndinabwerera wopanda kanthu m'manja, dzuwa litapendeka kale.

* * *

A Injiniya ndinawapeza atakhala pa tayala, mbale yabodza ili pamiyendo. Mkwiyo unali utaphwa, chotsala chinali chisoni cha munthu wokalamba.

"Ndiloleni ndiione," ndinatero.

"Mukaonamo chiyani inu a nsanza?"

"Makina anga a zigizagi ali ndi kamu m'kati, musandiyese mlendo. Bweretsani."

Inali yolemera, pakati pake mbali imodzi pali kakhosi kowotcherera, polowera shafiti, chitsulo chozunguza gudumu. Kuwotchererako kunali kosalala, kokongola ngati msoko wa pakolala.

"Wakuba uyu sanali waulesi," ndinatero. "Angabe mbale, n'kukhalanso pansi kusema ina? Wakuba amanyamula n'kuthawa."

"Ankafuna ndisazindikire msanga."

"Mwina. Nanga n'chifukwa chiyani yayenda chafutambuyo?"

"Zitunda n'zolakwika. Sindikufuna n'kuziyang'ana komwe."

"Muli ndi patani yake?"

"Patani ndi za kwanu. Ife timati chikombole."

Anachitsitsa pamsomali, thabwa lopyapyala losemedwa ngati mbale yeniyeni, pamwamba palembedwa chizindikiro cha kumene kumakhala kakhosi. Ndinaika mbale yabodza pamwamba pa thabwalo, kakhosi kali kumwamba. Zitunda sizinagwirizane. Pomwe thabwa limakwera pang'onopang'ono, chitsulo chinali chaphompho. Kenako, mwa chizolowezi cha manja anga, ndinatembenuza thabwalo chafufumimba.

Zinagonerana ndendende, osatsala ngakhale poti n'kulowetsa singano.

"A Injiniya, mbaleyi siyolakwika. Ndi inzake ya yanu. Yanu ndi dzanja lamanja, iyi ndi lamanzere. Ikani zikhatho zanu pamodzi muone: n'zofanana, koma ili silingalowe m'malo mwa linzake."

Mkuluyo anayang'ana zikhatho zake zakuda ndi girisi.

"Tsono tandiuzeni," ndinapitiriza, "mkamwini wanu amene anasema zitunda za mbale yanu ndi manja ake, amene amazilota usiku, angaike phompho kolakwika?"

Anayang'ananso mbale ija, ine n'kupitiriza.

"Chete akanafuna kukupusitsani, chikombole chili pamsomali apa, akanapanga mapasa enieni. Uyu ndi munthu amene anajambula mbale yanu pa katoni mobisa, atafika kwawo n'kutembenuza katoniyo. Osati mwadala. Manja ake anazolowera choncho. Ine ndikadula mkono umodzi wa malaya, wachiwiri ndimatembenuza patani osaganiza n'komwe. Zinthu zathu zimayenda ziwiriziwiri. Mumsewu muno opanga zinthu zoyang'anizana tilimo atatu: ine, wosoka nsapato, ndi..."

Ndinasiyira pomwepo. Ine ndi wansapato sitiwotcherera.

A Injiniya anaimirira pang'onopang'ono.

"Ayi," anatero. "Ameneyo ndi wa bere limodzi ndi ine."

* * *

Ndinadutsiranso kuseri, mkuluyo ali pambuyo panga.

"Amayi, ndinakufunsani za mlendo. Tsopano ndikufunsani za achibale. Kiyi uja anamutenga ndani?"

"Oo, alamu? Anadzabwereka masana a tsiku lija, ankati akufuna botolo la gasi. Nanga alamu ndi anthu? Si apakhomo pompano?"

"Mayi iwe!" anakuwa a Injiniya. "Bwanji sunanene m'mawa muja?"

"Inu mukayamba kukuwa pamakhala poti munthu n'kuikapo mawu?" Anapitiriza kupinda zovala zawo.

* * *

Pabwalo la Wamageti pamakhala ngati nkhalango ya zitsulo. Mageti amatsamira khoma awiriawiri, la kumanja ndi la kumanzere, maluwa achitsulo akuyang'anizana. Mwini wake tinamupeza atakhala pa ndowa, malaya oyera aja akadali m'thupi, osagwira ntchito iliyonse.

"Malaya amenewo ndinasoka ine," ndinayamba. "Umavala ukamapita kukajambulitsa. Lero unavalira fumbi la m'galaja?"

"Kuchapa kunavuta."

"Geti la dokotala unamangirira tsiku la maso lija?"

"Eya, tsiku lonse. Funsani Wometa."

"Wometa anamva kwa iwe. Nanga geti lili apolo, lolembedwa dzina la dokotala ndi choko, likudikira chiyani?"

Anatembenuka kuliyang'ana ngati akuliona koyamba.

"Limenelo ndi... lachiwiri."

"Dokotala ali ndi zipata zingati? Taima, usadzivute." Ndinatola katoni wina pa mulu wa mapatani ake. Mbali zonse ziwiri zinali ndi choko. Wina, chimodzimodzi. "Ukajambula chitseko choyamba umatani ndi katoni?"

"Ndimatembenuza. Aliyense amadziwa zimenezo."

"Ndiye utaona mbale ya achimwene ako, manja ako anati yoyamba ilipo kale, tiyeni tipange inzake."

Wamageti anayang'ana manja ake moipidwa nawo.

"Ndinatembenuza," ananong'ona. "Mayo ine, ndinatembenuza katoni!"

A Injiniya anali atafika kale pakhoma pomwe pamapachikidwa maluwa achitsulo okongoletsera mageti. Pakati pa maluwawo panalendewera limodzi lolemera kuposa anzake, lopakidwa utoto wakuda mothamanga. Analitsitsa, n'kupititsapo tupa amene amayenda naye m'thumba. Tupa anaterereka, tswii.

"Unafuna kugulitsa kwa ndani?" anafunsa a Injiniya.

"Kugulitsa? Achimwene, ine ndigulitse chanu?" Wamageti anaimirira, ndowa n'kugubuduka. "Chiyambire mumanditcha wodula mipanda. Ndikalowa m'galaja mwanu mumati usakhudze, izi si za mageti. Ndinati ndipange yanga, ndiikemo mwakachetechete. Injini ikalira, anthu akaomba m'manja, ine ndituluke kutsogolo ndinene kuti achimwene, tsegulani muone, imene ikuzungulirayo ndi ya wodula mipanda. Yanu ndikanakubwezerani pomwepo. Ndasema chinthu chimenecho mpaka mkazi wanga anayamba kundikayikira!"

Kunena zoona ndinafuna kuseka, ndipo ndinaseka. Amuna awiri a imvi, wina malaya oyera, wina ovolosi, akulimbirana kuti aombedwe m'manja! A Injiniya anatembenuza nkhope, koma ndinaona masharubu awo akugwedezeka.

"Kuwotcherera kwake n'kwabwino," anatero monyinyirika. "Kakhosiko sindikanakaika bwino choncho ine. Chitsiru iwe."

Wamageti anamwetulira ngati wapatsidwa mendulo. Apo ndi pamene ine mtima unandiwira.

"Usamwetulire! M'mawa muja unali pomwepo. Unamva mwana wa eni akutchedwa wakuba pamaso pa msewu wonse, iwe uli duu kumbuyo ndi malaya ako oyera. Ukanasiya amangidwe?"

Kumwetulira kunazima.

"Manyazi, mayi Telala. Anthu ankaseka injini. Ndikanati ndine, akanaseka ine. Ndimati ndikaibweza mbaleyo kukada..."

"Manyazi ako amalemera kuposa banja la Nesi? Nyamula mbaleyo, tsogola."

* * *

Mumsewu mwathu nkhani imathamanga kuposa njinga. Pomwe tinkafika, anthu anali atadzaza kale pakhonde panga, Wometa ali patsogolo akufotokoza kuti iye anadziwa kuyambira m'mawa. Chete anali pomwe ndinamusiya, bokosi la zida lili pamapazi, Nesi atamugwira phewa.

Wamageti anaika mbale pansi, n'kunena zonse, maso ali pa nsapato. Anthu anaseka za katoni, wansapato n'kuvomereza kuti iyenso anasokapo zamanzere ziwiri. A Injiniya anakhosomola.

"Chabwino, yapezeka. Iwe, tenga zida tikamange, aphunzitsi akubwera mawa." Anayamba kulowera ku galaja.

Chete sanasunthe. Nesinso sanasunthe.

"A Injiniya," ndinatero, "munamutukwanira pamsewu. Mukufuna mukapepesere kuseri kwa chitseko?"

Mkuluyo anaima. Anandiyang'ana ngati andimeze, kenako anayang'ana mwana wake, yemwe misozi inali itafika kale pachibwano. Anabwerera, anavula chipewa, n'kuima pakati pa msewu.

"Tamverani nonse. Mwana uyu sanabe kanthu. Ndinamunamizira ine, ndi pakamwa pangapa. Ndalakwa." Anatembenukira Chete. "Ndikhululukire, mwana wanga."

Chete anaganiza. Msewu wonse unadikira, ngakhale Wometa anatseka pakamwa.

"Bambo," anatero potsiriza, "ndikanafuna kukuberani sindikananyamula chitsulo. Mbaleyo ili m'mutu mwangamu, chitunda chilichonse. Ndikhoza kuisema kulikonse, wopanda chikombole. Ndimagona nayo, ndimadzuka nayo, ndimadutsa nayo pakhomo pa a mapampu tsiku lililonse. Ndipo m'mawa uliwonse ndimabwera nayo kwa inu."

A Injiniya anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kunena kuti ndi mankhwala a kuchipatala aja. Kenako anawerama, n'kunyamula bokosi la zida za mkamwini wawo. Linali lolemera, mwendo umodzi unkakokera pansi. Chete anatambasula dzanja kuti alandire.

"Siya," anatero mkuluyo. "Ndinalitulutsa ndine."

Analowa nalo m'galaja okha.